Masiku Otsiriza Ndikuwaonera ku Gigiri

Amalume anga atamva kuti ndapeza ntchito ku Nairobi, m'dera lotchedwa Gigiri, sanafulumire kundifunira mafuno abwino. Anayamba afunsa kaye ngati kumeneko si kuja kuli likulu la United Nations. Nditavomera anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Mphwanga, pita, koma usaiwale Chivumbulutso. Boma limodzi la dziko lonse likuyambira kumeneko. Akadzakuuza kuti ulandire nambala, udzakane." Amalumewa ndi mkulu wa mpingo, munthu wosadziwa bodza, amene anandilipirira fizi ya ku sekondale ndi ndalama za nandolo ndi mbuzi. Mawu awo sindiwapeputsa, ngakhale pamene maganizo athu asiyana.

Gigiri ndi dera la mitengo italiitali ndi mipanda italiitali, kumpoto kwa mzinda wa Nairobi. Ukapatuka pa Limuru Road kulowa mu United Nations Avenue, mbali imodzi kuli ofesi ya kazembe wa America, imene anaisamutsira kuno bomba litaphwasula yakale pakati pa tawuni pa 7 Ogasiti 1998 ndi kupha anthu oposa 200. Tsidya lina la msewu kuli bwalo lalikulu la United Nations, pamalo pamene kale panali munda wa khofi. M'menemo ndimo muli likulu la UNEP, nthambi yoona za chilengedwe, imene inakhazikitsidwa mu 1972 utatha msonkhano wa ku Stockholm, n'kusamukira ku Gigiri mu 1975. Mulinso likulu la UN-Habitat, yoona za mizinda ndi malo okhala anthu. Ofesi yathu ndi yaing'ono ndipo ili kunja kwa mpandawo, koma ntchito yanga imafuna kuti ndiziwerenga malipoti otuluka m'menemo. Motero nkhani ya kutha kwa dziko ndakhala ndikuimva kawiri: Lamulungu kuchokera pa guwa, ndipo mkati mwa sabata kuchokera m'mapepala a akatswiri.

Akatswiriwo satchula malipenga kapena akavalo anayi. Iwo amawerenga madigiri. Ku Paris mu 2015 maiko anagwirizana zoyesetsa kuti kutentha kwa dziko kusakwere kupitirira madigiri 1.5 poyerekeza ndi mmene kunalili mafakitale asanachuluke. Lipoti la UNEP la 2024 linati maiko akapitiriza kuyenda mmene akuyenderamu, pofika chaka cha 2100 kutenthako kudzakhala kutakwera ndi madigiri pafupifupi 3.1. Munthu wa ku Nsanje, wozolowera dzuwa la Okutobala, angafunse kuti madigiri atatu n'chiyaninso. Koma nambalayi ndi ya dziko lonse pamodzi, nyanja zamchere ndi madzi oundana a kumalekezero a dziko zili momwemo. Nyanja ikafunda, namondwe amapeza mphamvu. Mpweya ukatentha umasenza chinyezi chambiri, ndipo mvula yoyenera kugwa mwezi wathunthu imakhuthuka m'masiku awiri, pamene kwina chilala chikutalika. Africa yonse imatulutsa mpweya wowononga wosapitirira 4 peresenti ya wa dziko lonse, koma mabala ake tikuyamba kuwamva ndife.

Mu Malichi 2023 zolembedwa za mtundu umenewu zinafika pakhomo pathu. Namondwe Freddy anayambira kutali, kufupi ndi Australia, nawoloka nyanja yonse ya Indian Ocean, ndipo anatha masiku 36 asanazilale, kuposa namondwe wina aliyense m'kaundula wa a zanyengo. Atafika kummwera kwa Malawi, matope ndi miyala ya phiri la Soche zinagumukira nyumba za ku Chilobwe anthu ali momwemo. Ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Chiradzulu midzi ina inafafanizika. Anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa, oposa 600,000 anasowa pogona, ndipo izi zinachitika dziko lili kale pa maliro a kolera, imene inapha anthu oposa 1,700. Ine ndili kuno, foni ya amayi ku Mulanje sinkalowa. Italowa ndinangoti, "Amayi, muli moyo? Nyumba ilipo?" Anati nyumba ilipo, munda wapita, ndipo anayamba kutchula mabanja a kutsidya kwa mtsinje amene sanapezeke. Pomaliza anati, "Mwananga, usadabwe. Awa ndi masiku otsiriza. Ambuye ali pafupi."

Alipo ophunzira ena amene akamva mawu otere amapukusa mutu, amati ndi umbuli wa kumudzi. Ine sinditero. Mayi amene waona mnzake wa ku mvano akukokoloka ndi mwana kumsana, akanena kuti Ambuye ali pafupi, akunena zinthu zolemera kwambiri. Akunena kuti masautsowa ali ndi malire. Akunena kuti amene anakwiririka m'matope, opanda adzukulu, opanda nyimbo, opanda ndi bokosi lomwe, sanatayike pamaso pa Mulungu, ndipo adzauka. M'malipoti onse amene ndawerenga mulibe tsamba lokhala ndi mawu kwa akufa. Malipoti amanena za otsala ndi za amene adzabadwe. Wakufa amangowerengedwa, basi. Chikhulupiriro ndicho chimaima pa manda n'kunena kuti nkhani ya munthuyu sinathe. Ine ndine Mkhristu, ndipo ndimakhulupirira ndi mtima wonse kuti Yesu adzabweranso, kuti kuli chiweruzo ndi kuuka kwa akufa. Popanda chiyembekezo chimenecho sindikanatha kuona zithunzi za ku Chilobwe n'kudzukanso m'mawa kupita ku ntchito.

Mwezi wotsatira, wa Epulo, Kenya inadzidzimuka ndi nkhani yoonetsa mmene chiyembekezo chomwechi chimaphera chikagwera m'manja olakwika. M'nkhalango ya Shakahola, m'chigawo cha Kilifi, kumtunda kwa tawuni ya Malindi, apolisi anayamba kufukula manda osaya. Munali otsatira a Paul Nthenge Mackenzie, amene kale ankayendetsa takisi asanayambitse mpingo wa Good News International mu 2003. Kwa zaka zambiri ankalalikira pa wailesi ya kanema ndi pa YouTube kuti sukulu ndi zoipa, kuti wokhulupirira safunika chipatala, ndiponso kuti Huduma Namba, nambala ya chiphaso imene boma la Kenya linayamba kulembetsa mu 2019, ndi chizindikiro cha chilombo. Apolisi anamugwirapo kangapo kuyambira 2017, koma ankatuluka. Mu 2019 anatseka tchalitchi chake ku Malindi, ndipo anthu anamutsatira ku nkhalango. Opulumuka anafotokoza kuti anauzidwa kuti dziko latsala pang'ono kutha, ndipo asale kudya mpaka imfa kuti akakumane ndi Yesu: ayambe ana, atsatire amayi, abambo pomalizira. Mitembo yoposa 400 inafukulidwa. Madokotala oipima anapeza kuti ambiri anafa ndi njala, koma ena, ndi ana omwe, anali ndi zizindikiro za kumenyedwa kapena kukanyangidwa pakhosi. Kumayambiriro kwa 2024 boma linamutsegulira milandu pamodzi ndi anzake, umodzi mwa iyo wokhudza imfa za ana 191. Iye anaikana milanduyo.

Masiku amenewo pa nthawi ya tiyi mu ofesi munalibe nkhani ina. Mayi wina wa konkuno amene timagwira naye ntchito, munthu wopemphera kwambiri, ankangobwereza funso limodzi: kodi mayi amamana bwanji mwana wake phala, mwanayo akulira? Ine chimene chinandisowetsa tulo n'chakuti anthu amenewo sanali achilendo kwa ine. Anali ngati a kwathu, otopa ndi umphawi, matenda ndi malonjezo a andale, ena ophunzira ndithu amene anasiya ntchito zabwino. Mavesi amene anawatengera ku nkhalango ndi omwewo amene amayi anga amawadziwa pamtima. Nanga anasiyana pati? Amayi atanena kuti Ambuye ali pafupi, sabata yomweyo anali pakalikiliki kufunafuna mbewu ya mbatata ndi nyemba zoti abzale kudimba madzi akaphwa, ndipo m'nyumba mwawo munkagona ana a eni amene nyumba zawo zinagwa. Anzathu a ku Shakahola anauzidwa nthawi yeniyeni ya chimaliziro, ndipo atauzidwa anasiya khasu, anasiya mphika, pomaliza anasiya mwana.

Kutchula tsiku si matenda atsopano, ndipo kwathu anafikako kalekale. Kumapeto kwa 1908, Elliot Kamwana, Mtonga wophunzira m'sukulu za mishoni ya Livingstonia, anabwerera kwawo kuchokera ku South Africa, kumene anakumana ndi Joseph Booth ndi ziphunzitso za Watch Tower za Charles Taze Russell. Anayenda m'midzi ya m'mbali mwa nyanja ku Nkhata Bay akulalikira kuti mu Okutobala 1914 Khristu adzakhazikitsa ufumu wake, msonkho wa nyumba udzatha, ndipo ulamuliro wa azungu udzathera pomwepo. M'miyezi yowerengeka anabatiza anthu pafupifupi 10,000. Boma la atsamunda linamugwira mu 1909 n'kumuchotsa m'dziko. Pambuyo pake anakhala zaka zambiri pa zilumba za Mauritius ndi Seychelles, ndipo analoledwa kubwera kwawo mu 1937. Kamwana sindimuika gulu limodzi ndi a ku Shakahola, ayi. Sanauze munthu kuti afe. Anthu anamukhamukira chifukwa ananena poyera zimene zinali m'mitima mwawo: kuti msonkho umene unkathamangitsira amuna ku migodi ya ku Halale ndi ku Joni sudzakhala mpaka muyaya, ndi kuti pamwamba pa bwanamkubwa pali Woweruza. Uthenga wa masiku otsiriza wakhala chuma cha oponderezedwa kuyambira pachiyambi. Buku la Chivumbulutso lenilenilo linalembedwa ndi munthu woponyedwa pa chilumba cha Patmo, kulembera mipingo yokhala pansi pa ulamuliro wa Roma. Komabe 1914 inafika ndi nkhondo ya ku Karonga ndi mtengatenga, amuna zikwizikwi akusenza katundu wa asilikali, ena mpaka kufera m'njira. Ufumu wolonjezedwa pa kalendala sunaoneke, ndipo msonkho unapitirira.

Otchula tsiku akhala ambiri. Otsatira a William Miller ku America anadikira pa 22 Okutobala 1844 mpaka kunja kunacha. Ku Kanungu, m'dziko la Uganda, gulu limene linalonjeza kuti dziko litha pamodzi ndi chaka cha 1999 linatenthera anthu m'tchalitchi pa 17 Malichi 2000, ndipo onse amene anafa, kuwerengera ndi opezeka m'maenje a malo ena, anaposa 700. Mu Sepitembala 2025 mafoni athu anadzaza ndi uthenga wochokera ku South Africa woti mkwatulo uchitika pa 23 kapena 24 mwezi womwewo. Chonsecho Yesu mwini, pa Mateyu 24, anakana kutchula tsiku, ndipo ophunzira atamufunsanso asanakwere kumwamba anawabweza ku ntchito ya umboni. Akuluakulu anati chakudza sichiimba ng'oma. Aliyense woimba ng'oma ya tsiku ndi mwezi, kaya ali ndi otsatira angati, akunena zimene Mbuye wake sananene.

Za mkwatulozi zikufunika kuzifatsira pang'ono. Akhristu ambiri kwathu sadziwa kuti chiphunzitso chakuti okhulupirira adzakwatulidwa mwachinsinsi chisautso chachikulu chisanayambe chinafalitsidwa ndi John Nelson Darby m'zaka za m'ma 1830, ndipo chinafika kutali kudzera mu Baibulo la ndemanga la Scofield la mu 1909. Zikhulupiriro zakale za mpingo, zimene timanena poimirira ku CCAP, ku Katolika ndi ku Anglican, zimatchula kubweranso, chiweruzo, kuuka kwa thupi ndi moyo wosatha, osaonjezera ndondomeko ya zaka. Ndili ndi abale okondedwa amene amakhulupirira mkwatulo, ndipo sindikayikira Chikhristu chawo. Nkhawa yanga ili pa chimene chiphunzitsochi chimachita mumtima chikalalikidwa chokhachokha sabata ndi sabata. Munthu wodziwa kuti mawa akusamuka safolera nyumba. Mpingo ukazolowera kuona dziko ngati malo ongothawamo, mtsinje wouma ndi phiri lometedwa sizikhalanso nkhani yake.

Nanga za chilombo zimene amalume anandichenjeza? Maganizo amenewa sanawapeke okha. Mboni za Yehova zimaphunzitsa kuti chilombo chofiira cha pa Chivumbulutso 17 chikuimira League of Nations ndi United Nations imene inalowa m'malo mwake, ndipo mabuku a nthano a ku America otchedwa Left Behind, pamodzi ndi mafilimu ake, anaika wokana Khristu pa mpando wa mlembi wamkulu wa bungweli. Nditapita kumudzi pa tchuthi ndinawauza zimene ndaona. "Amalume, boma limodzi la dziko lonse kumene kuja kulibe. Kuli nthumwi zimene zimachezera usiku wonse kukangana pa chiganizo chimodzi, n'kubalalika zisanamvane." Ndinawapatsa chitsanzo cha mapulasitiki: pa 2 Malichi 2022 maiko 175 anaomba m'manja ku Gigiri atavomereza kuti pofika kumapeto kwa 2024 pakhale pangano lothetsa kuipitsa dziko ndi pulasitiki, koma 2024 inatha panganolo kulibe. Anamvetsera mofatsa, nati, "Chilombo chimayamba chili chaching'ono, mphwanga." Sitinamvane, komanso sitinakangane.

Pali pamene amalume akulondola. Mkhristu ayenera kukhala tcheru ndi mphamvu iliyonse yofuna kulambiridwa, ndipo ife Amalawi sitifunika kukafuna chitsanzo kutali. Mboni za Yehova zomwezo zinaletsedwa m'dziko lathu mu 1967 chifukwa chokana kugula makadi a chipani. Nyumba zawo zinatenthedwa, ambiri anathawira ku Sinda Misale ku Zambia ndi ku Mozambique, ndipo chiletsocho chinachotsedwa mu 1993. Amene anakula nthawi imeneyo akukumbukira khadi limene popanda ilo munthu ankabwezedwa pa chipata cha msika kapena pa khomo la basi. Chilombo chimadziwika ndi ntchito zake: chimafuna ugwadire icho chokha, chimadana ndi funso, ndipo sichikhuta magazi. Nthawi zina chimakhala m'nyumba ya boma. Ku Shakahola chinabwera chitanyamula Baibulo, chikuchenjeza anthu za 666.

Sindikunena kuti ku Gigiri kuli oyera mtima okhaokha. M'mawa uliwonse, galimoto zikuluzikulu za manambala ofiira zisanatuluke m'mageti, msewu umakhala utadzaza kale ndi oyenda pansi ochokera ku Gachie ndi ku Githogoro: alonda, ophika, osesa, osamalira maluwa. Ndiwo amapukuta matebulo pamene pamakambidwa tsogolo la anthu onse, iwo mutu uli pa lendi ya mwezi uno. Misonkhano siitha, mahotela amadzaza, koma thumba lothandiza maiko osakazidwa ndi nyengo, limene linavomerezedwa ku Sharm el-Sheikh mu 2022, linalonjezedwa madola pafupifupi 700 miliyoni okha pa msonkhano wa ku Dubai mu 2023. Ndalama zimenezo zikungofanana ndi zimene Malawi yekha ankafunika kuti akonze zimene Freddy anawononga. Ndakumananso ndi achinyamata ophunzira bwino amene amati sadzabereka chifukwa dziko likutha. Nawonso ali ndi masiku awo otsiriza, koma opanda Mpulumutsi, ndipo amandimvetsa chisoni kwambiri.

Komabe m'mpanda womwewo muli umboni woti tsoka loloseredwa likhoza kubwezedwa. Mu 1985 asayansi a ku Britain analengeza kuti mpweya wa ozone, umene umatitchinjiriza ku cheza choopsa cha dzuwa, wabooka pamwamba pa Antarctica chifukwa cha mankhwala a m'mafiriji ndi m'zitini zopopera. Mostafa Tolba wa ku Egypt, amene anali mkulu wa UNEP, anakankha maiko mpaka anasaina pangano la Montreal mu 1987, ndipo ofesi yoyang'anira panganoli ili ku Gigiri konkuno. Lero pafupifupi mankhwala onsewo anasiyidwa, ndipo akatswiri akuti m'madera ambiri ozone idzakhala itabwerera mwakale cha m'ma 2040, ku Antarctica cha m'ma 2066. Petulo wa galimoto wosakaniza ndi mtovu, amene ankawononga ubongo wa ana, anasiya kugulitsidwa pa dziko lonse mu 2021. Ndikamawerenga izi ndimakumbukira Nineve, mzinda umene unauzidwa kuti ugwa, anthu ake natembenuka, ndipo unasiyidwa. Aneneri ankachenjeza kuti anthu asinthe njira zawo, osati kuti apinde manja.

Kuseri kwa mpanda wa United Nations kuli nkhalango ya Karura, mahekitala pafupifupi 1,000 a mitengo mkati mwa mzinda. Ndimakonda kuyendamo Loweruka. M'zaka za m'ma 1990 zigawo zake zinagawidwa mobisa kwa anthu amphamvu kuti amangepo nyumba zapamwamba. Mayi Wangari Maathai, amene anaphunzitsidwa ndi masisitere a Katolika ndipo anayambitsa Green Belt Movement mu 1977, anapita kumeneko ndi anzawo atanyamula mbande za mitengo. Pa 8 Januwale 1999 anyamata olembedwa ganyu yolondera malowo anawamenya mpaka kuwavulaza m'mutu. Ophunzira a ku yunivesite ndi atsogoleri a mipingo analowerera, ndipo ntchito yomanga inaima. Mu 2004 mayiwa analandira mphoto ya Nobel ya mtendere, mayi woyamba wa mu Africa kuilandira. Pa 26 Novembala 2015, kutatsala masiku ochepa kuti msonkhano wa ku Paris uyambe, Papa Francis anafika ku Gigiri, ndipo asanalankhule kwa nthumwi anayamba wabzala mtengo pabwalopo. Ndikamayenda pansi pa mitengo ya Karura maganizo amathawira ku Shakahola. Kuno kunalowa amayi onyamula mbande kuti ana a anthu ena adzapume mpweya wabwino. Uko kunalowa amayi obereka ana awoawo kukawadikiritsa imfa. Onsewo ankatchula dzina la Mulungu.

Buku Lopatulika likawerengedwa lonse, osati motolatola mavesi, limaima ndi onyamula mbande. Yeremiya ali m'ndende, asilikali a ku Babulo atazinga Yerusalemu, iye mwini atalosera kale kuti mzindawo ugwa, anagula munda ku Anatoti kwa mbale wake Hanameli. Analipira masekeli 17 a siliva pamaso pa mboni, nauza Baruki kuti asunge zikalata zake mu mtsuko kuti zikhalitse. Ku Tesalonika, kumene mphekesera inafala yoti tsiku la Ambuye lafika kale, ena anasiya ntchito n'kumadya za anzawo. Paulo, amene ankadzidyetsa ndi ntchito yosoka mahema, anawadzudzula n'kuwabweza ku ntchito. Alaliki ambiri amakonda Mateyu 24, wa nkhondo, njala ndi zivomezi, koma amatseka buku asanafike kumapeto kwa mutu 25, kumene kuli mafunso enieni a tsiku la chiweruzo. Kumeneko safunsa kuti ndani anawerengera bwino zaka za m'buku la Danieli. Amafunsa za wanjala, waludzu, mlendo, wausiwa, wodwala ndi wandende. Chivumbulutso nachonso sichithera pa moto. Pa mutu 11 chimaika owononga dziko pakati pa oyenera chilango, ndipo pamapeto pake chimaonetsa mzinda ukutsika kuchokera kumwamba kudza kwa anthu, muli mtsinje woyera ndi mtengo wa masamba ochiritsa. Tsogolo la munthu, mmene ndimamvera ine, ndi dziko lokonzedwanso, Mulungu akukhala pakati pa anthu ake.

Chitsanzo cha kudikira koyenera tili nacho ku Thyolo. A Seventh Day Adventist, amene mpingo wawo unaphuka pa kukhumudwa kuja kwa 1844, anagula mishoni ya ku Makwasa mu 1902, imene inadzatchedwa Malamulo. Akulalikirabe kuti Ambuye akubwera posachedwa, anamanga sukulu, chipatala chimene chinatchuka pochiza khate, ndi koleji imene mpaka lero ikuphunzitsa anamwino ndi ena a zachipatala.

Chimene chimandiwawa n'chakuti kwathu ulaliki wa masiku otsiriza nthawi zambiri umathetsa mlandu usanazengedwe. Phiri la Soche linali ndi nkhalango, la Ndirande chimodzimodzi. Tinaona mitengo ikulowa m'tawuni pa njinga m'matumba a makala, nyumba zikukwera phiri mpaka m'njira za madzi, ndipo malo amenewo alipo amene ankawagulitsa. Wootcha makala sindifulumira kumuweruza: mabanja oposa 9 mwa 10 alionse m'Malawi amaphikira nkhuni kapena makala, ine ndemwe ndinakulira nsima ya pa mafuwa, ndipo magetsi afika kwa ochepa. Koma tikangoti zinalembedwa n'kuthera pomwepo, timamasula onse amene ali ndi choyankha: maiko olemera ndi mafakitale awo, ogulitsa malo m'mapiri, olola malole a makala kudutsa usiku, ndi ife eni. Napolo anasakaza Phalombe mu 1991. Patapita zaka 32, Freddy anatipezanso osakonzeka.

Kalembera wa 2018 anapeza kuti Amalawi tinalipo oposa 17 miliyoni, ndipo pafupifupi theka anali ana osafika zaka 18. Akatswiri a chiwerengero cha anthu akuti pofika 2050 munthu mmodzi mwa anayi alionse pa dziko lapansi adzakhala wa mu Africa. Tsogolo la mtundu wa anthu, limene limakambidwa m'zipinda zozizira za ku Gigiri, lili m'makalasi a pansi pa mtengo ku Phalombe ndi ku Mchinji. Ambuye akabwera mawa, adzapeza anawa ali m'manja mwathu. Akachedwa, anawa adzakalambira m'dziko limene tikuwasiyira. Kuuza mwana wotere kuti asavutike ndi sukulu chifukwa dziko likutha ndi kumubera, ndipo wakubayo adzayankha pa tsiku lomwelo limene akulilalikira.

Palibe bungwe m'Malawi limene limafika kumene mpingo umafika. Lipoti la UNEP silidzawerengedwa ku Muloza kapena ku Makhanga, koma abusa, akatekisiti, akulu a mpingo ndi amayi a mvano amamvedwa sabata iliyonse. Iwo akanena kuti chenjezo la a zanyengo likamveka pa wailesi tisamukire kumtunda, anthu adzasamuka. Akanena kuti kulima mpaka m'mphepete mwa mtsinje ndi kuchimwira mnansi wa kumunsi, anthu adzamva.

Choncho ndikupempha inu abusa, ansembe ndi akulu a mipingo: lalikirani kubweranso kwa Ambuye mopanda manyazi, pakuti anamfedwa a ku Chilobwe akufunika uthenga umenewo. Koma musatchule tsiku, ndipo musalole mlendo aliyense kulitchula pa guwa lanu. Nyengo yobzala mitengo kwathu imayamba pa 15 Disembala. Tulutsani akhristu anu akabzale pa malo a tchalitchi, kumanda ndi m'magombe a mitsinje, ndipo muwasankhire owasamalira mpaka ikule. Inunso owerenga, mukamva mlaliki akuuza anthu kuti achotse ana kusukulu, ataye mankhwala a kuchipatala, agulitse minda kapena amane mwana chakudya chifukwa dziko likutha, musadikire kuti muone mmene zithere. Kaneneni kwa amfumu ndi kupolisi tsiku lomwelo.